MAFUTA A CIONGOLERO M'GALIMOTO ZAKALE ZA LIWIRO

M'dera la mafakitale la mzinda wa Lusaka, limene litchedwa Heavy Industrial Area, muli magaraja ambiri, akuru ndi ang'ono omwe. Munthu wotsata mseu wa Mungwi kucokera ku Lumumba Road aona malole oimikidwa pa majeke, mabasi ang'ono otsegulidwa injini, ndi anyamata a ku Matero, George ndi Kanyama amene alawira m'mamawa kudzaphunzira umakaniko. Nchito yao ya masiku onse ndiyo ya malole ndi mabasi. Koma nthawi zina pacipata pafika mlendo wa mtundu wina, ndiye galimoto yakale ya liwiro, ya zitseko ziwiri, yonga Mercedes-Benz SL kapena Jaguar, imene mwini wace waisunga zaka zambiri monga munthu asunga ng'ombe imene anamsiyira atate wace.

Kawiri-kawiri dandaulo la mwini galimoto yotere liri limodzi. Anena kuti ciongolero calimba, ndi kuti akacikhotetsa kumveka kulira kwina pansi pa boneti. Mmisiri wodziwa nchito yace sathamangira sipanala ai. Ayamba wayang'ana mafuta a ciongolero, pakuti matendawa ayambira kumeneko nthawi zambiri. Mafutawo ndi a ndarama zocepa, koma pampu imene iwo aisunga ikafa, mwini galimoto angathe kudikira miyezi kuti ina ifike kucokera ku South Africa, England kapena Germany. Amvetseri amene alibe galimoto yotere asaganize kuti nkhaniyi siiwakhudza, popeza makina omwewo ali m'mabasi akale a Toyota Hiace ndi m'mavani ambiri amene ayenda m'miseu ya Cinyanja cino ca Lusaka ndi ku migodi.

Ciyambi cace

Kale galimoto iri yonse inali kukhota ndi mphamvu ya mikono ya woyendetsa. Mmisiri wina wa ku America, dzina lace Francis W. Davis, amene anagwira nchito ku kampani ya Pierce-Arrow, anaonetsa m'caka ca 1926 ciongolero cothandizidwa ndi mafuta, cimene Azungu acicha power steering. Opanga galimoto anati ncodula, nacisiya. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ndiyo inacidzutsa, pakuti galimoto za asilikali zokutidwa ndi citsulo zinali zolemera kopambana mphamvu ya munthu. Nkhondo itatha, kampani ya Chrysler inaciika m'galimoto yace yochedwa Imperial m'caka ca 1951, ndipo ena anatsatira.

Galimoto za liwiro zinacedwa kucilandira. MGB, imene inapangidwa ku England kuyambira 1962 kufikira 1980, inalibe power steering konse. Mercedes-Benz 230 SL ya 1963 inali nayo kwa amene anafuna kuonjeza ndarama. Jaguar E-Type inaturuka m'caka ca 1961 iribe, koma ija ya injini yaikuru ya V12, ya 1971, inabadwa nayo, monganso Triumph Stag ya 1970. Cotero coyamba ndico kudziwa ngati galimoto iri nayo. Masiku ano galimoto zazing'ono zambiri zikhota ndi mota ya magetsi, ndipo mwa izo mulibe mafuta a ciongolero oyang'ana.

Magwiridwe ace a nchito

Amuna a ku migodi adziwa bwino mphamvu ya mafuta opanikizidwa, popeza aona tsiku ndi tsiku makina onyamula miyala akukweza katundu wolemera ndi mapaipi a mafuta okha. Jeke wa mafuta acita cimodzimodzi. Mafuta sapanikizika monga mpweya ai. Munthu akawakankha mbali yino, iwo akankha mbali inayo ndi mphamvu yomweyo.

M'galimoto muli pampu yoyendetsedwa ndi lamba wocokera ku injini. Pampuyo ikoka mafuta m'kathanki, niwatumiza m'paipi yolimba kunka ku bokosi la ciongolero. Kumeneko kuli valavu yolumikizidwa ndi kandodo kacitsulo kamene kapotoka pang'ono woyendetsa akakhotetsa. Kakapotoka, valavu itsegula njira kuti mafuta alowe mbali imodzi ya pisitoni, ndipo pisitoniyo ikankha matayala kunka kumene woyendetsa afuna. Mafuta atatha nchito yao abwerera ku kathanki m'paipi yaciwiri, yofewa. Galimoto ikayenda molunjika mafuta angozungulira osakankha kanthu.

Mphamvu yace si yamasewera. M'tayala la galimoto yaing'ono muli mpweya wa 2 bar kapena kuposerapo pang'ono, koma m'paipi yolimba ija mphamvu ifika 70 bar ndi kupitirira pamene ciongolero cakhotetsedwa kufikira kumapeto. Cifukwa cace munthu sayenera kufunafuna kabowo ka m'paipi ndi cala injini irikuyenda. Mafuta oturuka pa kabowo kakang'ono angathe kuboola khungu ndi kulowa m'mnofu, ndipo bala lotere, ngakhale lioneka laling'ono, lifuna cipatala tsiku lomwelo.

Injini ikazima, pampu iima. Ciongolero sicifa, koma cilemera kotheratu, ndipo cilemera modzidzimutsa. Alipo oyendetsa ena amene azimitsa injini potsetsereka kuti asunge petulo. Munthu wocita zimenezi m'mapiri a ku Luangwa, pa Great East Road, ataya thandizo la ciongolero ndi la mabuleki nthawi imodzi, pamalo pamene afuna zonse ziwiri.

Mafuta ace ndi ati?

Pano ndipo pali msampha waukuru. Mafuta a ciongolero acita nchito zitatu pamodzi: anyamula mphamvu, afewetsa zitsulo za m'pampu kuti zisadyane, nacotsa kutentha. Ayeneranso kugwirizana ndi timphira tamkati timene titseka mafuta kuti asadonthe. Timphira timeneti tinapangidwa molingana ndi mtundu umodzi wa mafuta, ndipo mafuta acilendo atitupitsa kapena kutiumitsa.

Galimoto zambiri za zaka za 1960 ndi 1970 zigwiritsa nchito mafuta ofiira a giyabokosi yosintha yokha, amene pa citini cao palembedwa ATF. Mitundu yace iri ingapo. Kampani ya General Motors inaturutsa Type A m'caka ca 1949, Dexron m'caka ca 1967, ndi Dexron II m'caka ca 1973. Kampani ya Ford inali ndi yace, yochedwa Type F. Nkhani yodabwitsa ndi yakuti mafuta oyambawo anali osanganiza ndi mafuta a anamgumi a m'nyanja yamcere, kufikira pamene malonda a mafuta a nyamazo analetsedwa ku America m'zaka zoyamba za 1970. Mabuku a galimoto zakale angathe kuchula mtundu umene sugulitsidwanso, ndipo pamenepo mwini galimoto ayenera kuwerenga kumbuyo kwa citini kuti aone ngati mafuta atsopanowo alowa m'malo mwa akalewo. Galimoto zakale za Toyota zambiri zifuna Dexron II kapena Dexron III. Za Honda zifuna mafuta aoao. Zina za ku Ulaya za zaka zam'tsogolo zifuna mafuta obiriwira ochedwa CHF.

Citsanzo ca kampani ya Citroën ca ku France cionetsa kuopsya kwa kusanganiza. Galimoto yao yochedwa DS, ya 1955, inayamba ndi mafuta ofiira, ndipo kuyambira 1966 anasintha naika obiriwira ochedwa LHM, pamodzi ndi timphira ta mtundu wina. Munthu akathira amodzi m'malo mwa ena, timphira tonse tionongeka. Cotero maonekedwe okha a mafuta sakwanira kumuuza munthu mtundu wace. Ofiira onse sali amodzi, obiriwira onse sali amodzi. Mboni zoona ndi ziwiri, buku la galimoto ndi mau olembedwa pa cibvundikiro ca kathanki.

Colakwa coipa koposa ndico kusokoneza mafuta a ciongolero ndi mafuta a mabuleki. Timathanki tiwiriti tiri pafupi pansi pa boneti, ndipo mwana wa sukulu ya umakaniko amene watumidwa mofulumira angathe kutsegula kolakwika. Mafuta a mabuleki, olembedwa DOT 3 kapena DOT 4, ndi mankhwala a mtundu wina kotheratu. Akalowa m'ciongolero aononga timphira ndi pampu. Koma mafuta a ciongolero akalowa m'mabuleki, mlandu ukula, pakuti timphira ta mabuleki titupa ndipo galimoto ingathe kulephera kuima. Zikatero galimotoyo isayende ngakhale kufika pacipata. Oilo ya injini nayonso siyenera kuthiridwa m'ciongolero, ngakhale iri pafupi ndi yochipa.

Mau enanso ndi a kogula. M'mbali mwa miseu mupezeka mafuta ogulitsidwa m'mabotolo a zakumwa, opanda dzina. Palibe amene angadziwe cimene ciri m'katimo. Makina onse a ciongolero alowa mafuta okwana ngati lita 1, ndiye kusiyana kwa mtengo pakati pa botolo lotere ndi citini comata ca m'sitolo ncacing'ono poyerekeza ndi mtengo wa pampu.

Kuyang'ana mafuta

Nchitoyi ndi ya mphindi zocepa, ndipo iyenera kucitika kamodzi pa mwezi, ndiponso usanayambe ulendo wautali. Galimoto iime pamalo osalala, injini yozima, pokhapo buku lace likanena mwina. Asanatsegule, mmisiri apukuta cibvundikiro ndi khosi la kathanki. Kupukutaku nkofunika kwambiri m'Lusaka, makamaka m'miyezi ya August ndi September pamene mphepo inyamula pfumbi, cifukwa mcenga wocepa wogwera m'kati ukanda zitsulo zosalala za m'pampu. Nsaru yopukutira ikhale yoyera ndi yosathothoka ulusi.

Pansi pa cibvundikiro pali kandodo koyesera, kapena mizere yolembedwa pa kathanki. Mafuta afutukuka akatentha, cifukwa cace galimoto zambiri ziri ndi mizere ya mitundu iwiri, wa COLD pamene galimoto yagona usiku, ndi wa HOT pamene yangobwera ku ulendo. Woyesa mafuta ozizira pa mzere wa HOT aganiza kuti acepa, naonjeza, ndipo masana a mwezi wa October mafutawo asefukira pa injini. Kudzaza kopitirira mzere sikuthandiza kanthu.

Muyeso ukaoneka, cotsatira ndico kuwerenga mafutawo. Dontho limodzi ligwetsedwe pa pepala loyera. Mafuta abwino ali oyera, ofiira kapena acikasu monga anaturukira m'citini. Akuda ndi onunkha kupsya akalamba, ndipo mphamvu yao yofewetsa zitsulo yatha. Ooneka ngati tiyi wamkaka alowa madzi, cimene cicitika galimoto ikadutsa m'madzi osefukira onga aja a ku Kanyama m'nyengo ya mvula, kapena injini ikatsukidwa ndi paipi ya madzi amphamvu. A thobvu ali ndi mpweya. Tizidutswa takuda ndi mphira wa m'kati mwa mapaipi amene ayamba kusweka. Koma ngati padzuwa paoneka tonyezimira tonga mcenga wa siliva, pamenepo pampu irikudzidya yokha, ndipo mafuta atsopano sangaicize.

Khutu nalonso ligwira nchito. Kulira kobuula kumene kukula munthu akakhotetsa kutanthauza kuti mafuta acepa kapena muli mpweya. Kulira kwa mluzu wakuthwa, makamaka m'mawa, kawiri-kawiri ndi lamba wotayirira kapena wotha, ndipo mafuta alibe mlandu.

Cinthu cimodzi ciyenera kumveka bwino. Mafuta a ciongolero sapsya monga petulo, ndipo satha okha. Akacepa, ndiye kuti adontha pena pace. Kuonjeza sabata ndi sabata ndiko kudyetsa bowo. Malo oyamba kuyang'ana ndi polumikizira mapaipi, kumbuyo kwa gudumu la pampu, ndi ku bokosi la ciongolero. M'galimoto zonga Jaguar ndi Triumph Stag muli mipira yopindikapindika ku mapeto onse awiri a ciongolero, ndipo mmisiri akaifinya napeza yodzala ndi mafuta, adziwa kuti timphira tamkati tatha. Paipi ya zaka 40 iri ndi ufulu wopuma. Mafuta odonthera pa ekizozi yotentha ayaka moto, ndipo galimoto zakale zambiri zatha motero.

Kusintha mafuta

Opanga galimoto ambiri a masiku aja sanachule nthawi yosinthira mafutawa. Amakaniko ambiri alangiza kuwasintha zikapita zaka 2 kapena 3, kapena makilomita 50,000, ndipo uphungu umenewu ngwabwino m'dziko lotentha ndi la pfumbi. Galimoto yosungidwa m'nyumba, yoturuka pa Sabata pokha, siipulumuka, pakuti mafuta akalamba ndi zaka ngakhale makilomita ali ocepa.

Njira ziripo ziwiri. Yapafupi ndiyo kukoka mafuta akale m'kathanki ndi sirinji yaikuru yoyera, kuthira atsopano, kuyendetsa galimoto masiku angapo, ndi kubwereza katatu kapena kanai. Njirayi siicotsa akale onse, koma iwasungunula pang'ono-pang'ono, ndipo mwini galimoto angathe kuicita yekha kunyumba popanda kumasula kanthu. Sirinjiyo ikhale yosakhudzapo mafuta a mabuleki.

Njira yaciwiri ndiyo yeni-yeni, ndipo ifuna anthu awiri ndi malita 2 a mafuta. Kutsogolo kwa galimoto kukwezedwa kuti matayala asakhudze pansi, ndipo pansi paikidwa zitsulo zocirikiza. Jeke yekha sadalirika, njerwa za simenti nazonso zisweka mosacenjeza. Kumbuyo kwa matayala akumbuyo kuikidwa mitengo. Mmisiri akoka mafuta a m'kathanki, namasula paipi yofewa ija yobweza mafuta, nailozetsa m'cigubu. Kamwa la kathanki pamene paipiyo inali litsekedwa. Paipi yolimba siikhudzidwa. Tsono athira mafuta atsopano m'kathanki, ndipo mnzace, injini iri yozima, akhotetsa ciongolero pang'ono-pang'ono kunka kumanja kufikira kumapeto, ndi kubwerera kumanzere kufikira kumapeto. Pisitoni ikankha mafuta akale kuturukira m'cigubu, ndipo wothirayo aonjeza kuti kathanki kasaume. Acita cotero kufikira oturukawo ayera monga olowawo.

Alipo amene acita nchitoyi injini irikuyenda kuti afulumire. Pampu ikhuthula kathanki m'masekondi ocepa, wothira sangaipeze, ndipo pampu yoyenda youma ionongeka nthawi yomweyo. Kwa galimoto imene pampu yace iri kutsidya kwa nyanja, kufulumira kotere nkodula.

M'kathanki ka Mercedes-Benz SL zakale muli sefa yaing'ono pansi, imene anthu ambiri saidziwa. Iyenera kusinthidwa pamodzi ndi mafuta. M'galimoto zina muli kansefa ka waya kamene kangotsukidwa.

Paipi itabwezedwa ndi kumangidwa, patsala kucotsa mpweya. Matayala akali m'mwamba ndi injini yozima, ciongolero cikhotetsedwa mbali ndi mbali nthawi 15 kapena 20, ndipo mmisiri ayang'ana thobvu likukwera m'kathanki, naonjeza mafuta pamene atsika. Thobvu likatha, injini ilizidwa kanthawi, nizimitsidwa, ndipo muyeso uyesedwanso. Pambuyo pace ilizidwanso, ciongolero nicikhotetsedwa pang'ono-pang'ono. Sikuyenera kucigwira kumapeto kopitirira masekondi 5, pakuti pamenepo mafuta alibe kopita, atentha msanga, ndipo pampu ibvutika. Mafuta akacita thobvu lambiri, galimoto isiyidwe theka la ora kuti mpweya ukwere wokha. Cotsiriza ndico kuitsitsa pansi, kuiyendetsa pang'ono m'mseu wopanda anthu ambiri, ndi kuyang'ana polumikizira ponse ngati pali ponyowa. M'mawa mwace muyeso uyesedwenso pa mzere wa COLD.

Mwini galimoto adziwe ici asanakwiye ndi mmisiri wace: nthawi zina galimoto yakale iyamba kudontha itangolandira mafuta atsopano. Timphira tinali titatha kale, ndipo matope a mafuta akale ndiwo anali kutseka ming'aru. Mankhwala ogulitsidwa oletsa kudontha atupitsa timphira kwa kanthawi, ndipo angamthandize munthu kufika kwao, koma cocizadi ndico timphira tatsopano.

Kotaya mafuta akale

Cigubu cija ca mafuta akuda ciri ndi mlandu wace. Mzinda wa Lusaka unamangidwa pa mwala wa njereza wokhala ndi ming'aru ndi mapanga, ndipo ku Kanyama, ku George ndi ku Chawama madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mabanja ambiri kumeneko atunga m'zitsime zosaya ndi m'mijigo. Cimene cithiridwa pansi pa garaja, kapena m'ngalande ya mseu, sicicedwa kutsikira ku madzi amenewo mvula ya November ikagwa. Ena athira mafuta akale m'cimbudzi ca dzenje kuti aphe pfungo, osadziwa kuti dzenjelo ndi citsime ca mnansi zimwa madzi amodzi.

Lamulo la dziko la Zambia losamalira cilengedwe, la caka ca 2011, linakhazikitsa bungwe la ZEMA, ndipo mafuta ogwiritsidwa kale nchito awerengedwa pakati pa zinyalala zoopsya zimene ziyenera kutengedwa ndi anthu okhala ndi cilolezo. Magaraja akuru asunga mafuta otere m'madiramu kufikira otolera adzafika. Mwini galimoto amene wasinthira kunyumba athire akalewo m'citini comwe munali atsopano, atseke zolimba, alembepo, napite naco ku garaja yokhala ndi diramu. Asawasunge m'botolo la zakumwa, popeza mafuta ofiira a ATF aoneka ngati cakumwa cotsekemera m'maso mwa mwana wamng'ono.